Kuwala Kulibe Mfunda

Mawu akuti "fulashi" analowa m'Chichewa kawiri. Ulendo woyamba anabwera ndi ojambula zithunzi, ndipo ankatanthauza nyali ija imene imang'anima pamwamba pa kamera ngati ching'aning'ani. Ulendo wachiwiri anabwera ndi makompyuta, kutanthauza kachipangizo kosungiramo nyimbo, mafilimu ndi makalata. Masiku ano mwana wa sukulu akamva kuti wina wataya fulashi, amaganiza za tanthauzo lachiwirili. Tanthauzo loyamba latsala m'kamwa mwa anthu ochepa amene amapeza chakudya ndi kamera, ndipo pakati pa anthu amenewa pali mkangano wakale umene sunathebe. Kodi munthu amene ali ndi kamera ya Canon kapena ya Nikon ayenera kugula fulashi ya kampani yomweyo, kapena angathe kugula yotsika mtengo yopangidwa ndi kampani ina?

Mkanganowu umavuta chifukwa cha mawu amene okanganawo amagwiritsa ntchito. M'chigawo chino cha Afrika pafupifupi dziko lililonse lili ndi dzina lonyozera katundu wotchipa. Ku Zimbabwe amati zhing-zhong, ku South Africa amati fong kong, ku Zambia gong'a, ndipo ku Malawi feki. Mayina onsewa amalonga zinthu ziwiri zosiyana m'thumba limodzi. Choyamba ndi katundu wachinyengo, wolembedwa dzina la kampani imene sinamupange. Chachiwiri ndi katundu wa kampani yoima payokha, ya dzina lakelake, imene yapanga chida chotha kugwira ntchito limodzi ndi cha kampani ina. Fulashi yolembedwa Godox, Nissin kapena Metz sinamiza munthu, chifukwa imatchula mwini wake poyera. Chichewa chilibe mawu amodzi otchulira gulu lachiwirili, ndipo posowa mawuwo ogula ambiri amaligamula pa mlandu wa gulu loyamba.

Ku Zomba kuli mkulu wina, tsopano wa imvi, amene walera ana ake ndi kamera kuyambira masiku a filimu. Wajambula maukwati, zinkhoswe, maubatizo ndi miyambo ya omaliza maphunziro a pa yunivesite. Makamera wasintha kangapo, koma sanagulepo fulashi ya kampani imene inapanga kamera yake. Mphwake, amene akuphunzira ntchitoyi m'manja mwake, anabwera tsiku lina ndi maganizo okatenga ngongole ku banki m'khonde kuti agule fulashi imene iye ankaitcha yeniyeni.

"Amalume," anatero mnyamatayo, "anthu amayang'ana dzina. Akaona kamera ndi fulashi za dzina limodzi amadziwa kuti aitana katswiri."

"Mphwanga," anayankha mkuluyo, "pa zithunzi zonse zimene zapachikidwa m'nyumba za anthu m'tauni muno, undilozereko chimodzi chimene chimanena mfunda wa nyali imene inachiunika."

Aliyense mwa awiriwa anali ndi mbali yake ya choonadi, ndipo kuti mbalizo ziyezedwe bwino m'pofunika kuyamba ndi zimene zili m'kati mwa chidacho. Fulashi iliyonse ili ndi zinthu zitatu zikuluzikulu: mabatire, kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi kotchedwa kapasita, ndi kachubu kagalasi kodzaza ndi mpweya wa xenon. Mabatire anayi a mtundu wa AA amapereka mavoliti 6 okha, koma zipangizo za m'kati zimakweza mphamvuyo kufika pa mavoliti pafupifupi 300 n'kuisunga mu kapasita. Wojambula akadina batani, mphamvu yosungidwayo imakhuthukira m'kachubu kaja, mpweya n'kuwala kwa kanthawi kochepetsetsa, mwina gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Nzeru imeneyi ndi yakale. Harold Edgerton wa ku Massachusetts Institute of Technology anaikhwimitsa m'zaka za m'ma 1930, ndipo palibe kampani ya makamera imene ingati ndi yakeyake. Mpweya wa m'fulashi yodula ndi womwewo umene uli m'fulashi yotchipa.

N'chifukwa chake mafulashi a makampani oima paokha sanayambe ndi mafakitale a ku China monga ambiri amaganizira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya ku America ya Vivitar inatulutsa fulashi yotchedwa 283, imene inasanduka chida cha atolankhani ndi ojambula maukwati m'mayiko ambiri kwa zaka zoposa makumi awiri. Vivitar inkalemba dzina lake pa katundu amene mafakitale ena, poyamba a ku Japan, ankaipangira. Fulashiyi inali ndi kadiso kakekake koyezera kuwala kobwerera kuchokera kwa munthu wojambulidwa, ndipo kuwalako kukakwanira inkadzizimitsa yokha. Sinkasamala za mtundu wa kamera imene yakwerapo. Mkulu wa ku Zomba uja anayamba ntchito ndi 283 yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo monga anzake a m'badwo umenewo analoweza nambala yoyezera mphamvu yake, imene inali 36 powerengera m'mamita pa filimu ya ISO 100. Akagawa nambalayo ndi mtunda ankapeza kukula kwa kabowo ka lenzi. Akwati akaima mamita 4.5 kuchokera pa fulashi, kabowo kanali f/8. Akasunthira pa mamita 9, kuwala kowafikira kunkatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kabowo kankayenera kutsegulidwa kufika pa f/4. Masamu amenewa sasintha ndi dzina la kampani.

Tsono kusiyana kuli pati? Kuli pa kuyankhulana kwa kamera ndi fulashi. Pamwamba pa kamera pali kampando kachitsulo kolowetsapo phazi la fulashi, kamene m'Chingerezi kamatchedwa hot shoe, ndipo kukula kwake kunakhazikitsidwa mu muyezo wa mayiko onse wa ISO 518. Pakati pa kampandoka pali kadontho kachitsulo kamodzi kamene kamadziwa mawu amodzi okha: yaka. Fulashi ya kampani iliyonse imawamva mawu amenewa. Koma kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1970, pamene Olympus inatulutsa kamera ya OM-2, makamera anayamba kuyeza okha kuwala kwa fulashi kudzera mu lenzi, njira imene imadziwika ndi zilembo zakuti TTL. Kuti izi zitheke panafunika mawu ambiri, choncho kampani iliyonse inawonjezera timadontho tina pambali pa kapakati kaja, n'kutiyala m'malo akeake. Canon inatulutsa njira yake ya E-TTL mu 1995, ndipo Nikon inatulutsa i-TTL mu 2003. M'njira zimenezi fulashi imayamba yang'anima pang'ono, kamera n'kuyeza kuwala kobwerera, kenaka n'kuiuza fulashi mphamvu yoyenera ya kung'anima kwachiwiri. Zonsezi zimachitika mofulumira kwambiri moti anthu ambiri amaona ngati yang'anima kamodzi.

Makampani a makamera sasindikiza malamulo a ziyankhulo zimenezi kuti aliyense awerenge. Amisiri a makampani oima paokha amaziphunzira pomvetsera. Amalumikiza zida zoyezera pa timadontho tija, amalemba zizindikiro zimene zikudutsa pakati pa kamera ndi fulashi ya kwawo, amayerekeza, amayesa kuyankha, akalakwa n'kubwereza. Ntchito yake ikufanana ndi ya katswiri wa ziyankhulo amene wafika pakati pa anthu opanda dikishonale kapena buku la galamala. Munthu wotere angathe kuyankhula bwino mpaka kuyesedwa mbadwa, komabe tsiku limene eni ake aponya mawu atsopano amatsalira m'mbuyo. Ndi mmenenso zimakhalira pamene kamera yatsopano yatuluka: fulashi ya kampani ina mwina imalephera kumvana nayo mpaka opanga ake atatumiza pulogalamu yatsopano yoikamo. Kampani ya ku Germany ya Metz inathana ndi vutoli kalekale popanga mapazi osinthasintha otchedwa SCA, kuti fulashi imodzi izingosinthidwa phazi malinga ndi kamera. Phazilo linali womasulira. Apa ndi pamene pali mphamvu ya mawu a mnyamata uja: wogula fulashi ya kampani ya kamera yake amalipira kuti apeze mbadwa, imene sidzafuna womasulira.

Komanso eni chiyankhulo ali ndi mphamvu yotseka khomo. Mu 1988 Minolta inasiya kampando kodziwika kaja n'kupanga kakekake, ndipo Sony, imene inatenga ntchito ya makamera ya Konica Minolta mu 2006, inapitiriza nako mpaka 2012. Kwa zaka zonsezo mwini kamera yotere ankafunika kachida kolumikizira kuti aikepo fulashi wamba. Mu 2018 Canon inatulutsa kamera ya EOS 4000D yopanda kadontho kapakati, ndipo mu 2019 inachitanso chimodzimodzi pa EOS 250D. Zotsatira zake zinali zakuti mafulashi otchipa odalira mawu amodzi aja sankayaka pa makamera amenewa. Makamerawo anali m'gulu la otsika mtengo, ogulidwa ndi ophunzira ndi oyamba kumene ntchito, anthu omwewo amene sakanakwanitsa fulashi yodula. Godox inatulutsa mapulogalamu atsopano kuti ena mwa mafulashi ake amvane ndi makamerawo kudzera m'timadontho totsala, koma phunziro linali litamveka: wogula ayenera kuyang'ana pamwamba pa kamera asanatulutse ndalama.

Nkhani ya ndalama ndiyo inali pa mtima pa mkulu uja. Mu 2016 fulashi yapamwamba ya Canon, 600EX II-RT, inkagulitsidwa pa mtengo woposa madola 500 a ku America, pamene Godox TT600, ya kampani ya ku Shenzhen imene inayamba mu 1993, sinkafika madola 100. Zida zimenezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, koma wojambula wa ku Malawi amalipidwa makwacha, ndipo kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wojambulira ukwati sukwera mofanana ndi dola, chifukwa eni ukwati nawonso akulira ndi mtengo wa shuga ndi mafuta. Ngongole yogulira fulashi imodzi yodula ingadye phindu la maukwati ambiri. Ndalama yomweyo ingagule mafulashi awiri kapena atatu otchipa, zoimikira zake, ambulera yofewetsera kuwala ndi mabatire apadera.

Kuchuluka kwa mafulashi si nkhani yodzionetsera. Ukwati subwerezedwa. Pa nthawi ya perekaniperekani holo imadzaza, anthu amavina mopanikizana, ana amathamanga pakati pa mipando, ndipo choimikira fulashi sichichedwa kugwa. Magetsi akazima madzulo, kuwala kokha kotsala ndi kumene wojambula wabwera nako m'chikwama. Amene ali ndi fulashi imodzi, ngakhale ikhale ya dzina lotchuka chotani, ikasweka ntchito yathera pomwepo, ndipo mbiri yake imaipa m'mabanja awiri tsiku limodzi. Amene ali ndi atatu amangotulutsa ina n'kupitiriza. Chikalata cholonjeza kukonza chida chikawonongeka chimathandiza pang'ono ngati malo ovomerezeka okonzerako ali kunja kwa dziko, ndipo ukwati wina uli Loweruka likudzali.

Palinso nkhani ya kumene kuwala kumachokera. Fulashi ikakhala pamwamba pa kamera imawomba nkhope molunjika, kusiya chipumi chonyezimira ndi mthunzi wakuda pa khoma. M'nyumba ya siling'i yoyera wojambula amapendeketsa mutu wa fulashi kuti kuwala kugunde kumwamba n'kutsika mofewa. Koma matchalitchi ndi maholo ambiri a m'madera muno ali ndi denga la malata lalitali lopanda siling'i, limene silibweza kuwala kokwanira. Njira yotsala ndi kuchotsa fulashi pa kamera n'kuiimika pambali. David Hobby, amene anali wojambula wa nyuzipepala ya Baltimore Sun, anafalitsa njira imeneyi kuyambira 2006 m'maphunziro ake otchedwa Strobist, ndipo ankalimbikitsa mafulashi otchipa oikidwa mphamvu ndi dzanja. Canon inaika wailesi m'fulashi yake ya 600EX-RT mu 2012. Chaka chotsatira Yongnuo inatulutsa YN560 III ya wailesi pa mtengo wochepa kwambiri. Godox inapita patsogolo popanga kuti mafulashi ake ambiri azimvera wailesi imodzi ya 2.4 GHz. Wojambula akasintha kamera kuchoka ku Nikon kupita ku Sony amangogula kachida koyatsira ka pa kampando kaja, mafulashi n'kukhala omwewo. Pa ichi makampani oima paokha anachita chimene kampani ya makamera ilibe chifukwa chochitira, chimene ndi kumasula wogula.

Fulashi ikhale yodula kapena yotchipa, pali chinthu chimodzi chimene singachite m'malo mwa munthu. Choyezera kuwala cha m'kamera chimaganiza kuti zonse zili patsogolo pake zikasakanizidwa zimapanga mtundu wotuwa wapakatikati. Mkwatibwi wa khungu lakuda akavala diresi yoyera, nsaluyo imabweza kuwala kochuluka, kamera n'kulamula fulashi kuti ichepetse mphamvu, ndipo nkhope imamira mu mdima. Vuto la kuwala pa khungu lakuda makampani analidziwa kale. Kamera ya Polaroid ID-2, imene inagwiritsidwa ntchito ku South Africa pojambula zithunzi za mapasi m'nthawi ya tsankho, inali ndi batani lowonjezera mphamvu ya fulashi, ndipo ojambula awiri, Adam Broomberg ndi Oliver Chanarin, anaikumbutsa dziko nkhaniyi pa chionetsero chawo ku Johannesburg mu 2013. Antchito akuda a kampaniyo ku America, Caroline Hunter ndi Ken Williams, anayamba kutsutsa malondawo mu 1970, ndipo Polaroid inachoka ku South Africa mu 1977. Kuwala kumene kunawonjezedwa kuti boma lizindikire nkhope za anthu owapondereza ndi komweko kumene wojambula wa ku Zomba amawonjezera kuti mayi aone bwino nkhope ya mwana wake pa tsiku la ukwati. Amene amasankha muyezo ndi cholinga ndi munthu wogwira chidacho, ndipo luso limeneli siligulidwa pamodzi ndi dzina.

Komabe akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mtengo wotsika nawo uli ndi nyerere zake. Mafulashi ena otchipa ali ndi phazi losalimba, chitseko cha mabatire chosachedwa kuthyoka, kapena kuwala kosinthasintha mtundu kuchokera pa chithunzi china kufika pa chinzake. Ena amatentha msanga akayatsidwa motsatizana n'kuyamba kuchedwa. Ambiri alibe zotchingira mvula ndi fumbi zimene zimapezeka pa mafulashi apamwamba a makampani a makamera. Mafulashi akale ali ndi ngozi ina: ena mwa ma Vivitar 283 oyambirira amatulutsa mavoliti oposa 200 pa phazi, pamene makamera ena a digito anapangidwa kuti alandire 6 okha, choncho ayenera kuyezedwa asanakwezedwe pa kamera yamakono. Ndipo si makampani onse oima paokha amene anasunga ulemu wa dzina lawo. Yongnuo inatcha fulashi yake ina YN600EX-RT, n'kuiumba mofanana kwambiri ndi ya Canon ya dzina lofananalo. Sichinali chinyengo, popeza dzina la Yongnuo linalembedwapo, koma zotere ndizo zimalimbitsa maganizo a amene amati zonse ndi feki. Kutsika kwa mitengo kunafinyanso makampani akale a ku Ulaya ndi ku Japan, ndipo Metz inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu 2014.

Mkulu uja sanabise nyerere zimenezi kwa mphwake. Anamuuza kuti mtolankhani amene amagwira ntchito pa mvula, kapena amene zida amamugulira abwana, achita bwino kutenga fulashi ya kampani ya kamera yake. Koma kwa munthu wodzilipirira yekha anapereka malangizo ena. Agule ya kampani yodziwika, yolembedwa dzina lakelake, ndipo aonetsetse chilembo chosonyeza mtundu wa kamera imene inapangidwira. Aiyese pa kamera yake asanalipire. Agule ziwiri. Aphunzire kuika mphamvu ndi dzanja, kuti tsiku limene kamera ndi fulashi zasemphana mawu, mawu amodzi aja akuti "yaka" amukwanire. Mnyamatayo sanatenge ngongole ija. Za makasitomala oyang'ana dzina, malume ake anangoti aziwaonetsa zithunzi za ukwati wapitawo asanawaonetse chikwama.

Dzina limene Chichewa chikusowa mkuluyo analipeza mwa nthabwala. Fulashi yake amaitcha mkamwini. Sinabadwire pa mudzi wa kamera imene yakwerapo. Inachita kubwera, inaphunzira mayankhulidwe a eni ake, ndipo imadziwa kuti akuchikazi angathe kusintha malamulo tsiku lililonse osaifunsa. Imagwira ntchito yolemetsa usiku, ikalakwa pang'ono anthu amakumbuka msanga kuti ndi yobwera. Chithunzi chikatuluka bwino, ana amakhala a kuchikazi: aliyense amafunsa kuti chinajambulidwa ndi kamera yanji, ndipo palibe amene amafunsa za nyali. Koma mudzi umene ukananyoza akamwini onse chifukwa chakuti sanabadwiremo ukanatsala ndi minda yosalimidwa, ndipo m'maholo ambiri a malata m'chigawo chino, nkhope za akwati zikuonekabe bwino pa makoma chifukwa cha obwera amenewa.